Msonkhano wa Ziyankhulo Zathu, Buku Lake m'Chingerezi

Msonkhano umene bungwe la Centre for Language Studies lidachititsa ku Mangochi m'chaka cha 1999 udali wofunika zedi, pakuti udadza pambuyo pa lamulo la 1996 lakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo. Komatu buku la zokambirana zake lidatuluka m'Chingerezi. Motero mphunzitsi wa ku Naperi kapena ku Limbe sadapezemo mawu ophunzitsira masamu m'Chicheŵa. Okonza misonkhano ya aphunzitsi a ziyankhulo atengerepo phunziro. Aziitana aphunzitsi ogwira choko, azipatula nthaŵi yomanga mfundo pa mawu atsopano ndi kalembedwe, ndipo azisindikiza zimene agwirizana m'chiyankhulo chomwe akuchimenyera nkhondocho.