Chifefe Chaching'ono M'manja mwa Mlenje Wodekha

Ku Ohio, Iowa ndi Illinois, m'dziko la America, nyengo yosaka mbawala zamchira woyera ndi mfuti imafika chimanga atakolola, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka mu Disembala. Ikamayandikira, alenje amautsanso mkangano wawo wakale: kodi chifefe cha geji 20 n'chokwanira kugwetsa mbawala, kapena munthu asayerekeze kulowa m'tchire popanda geji 12? Ine ndili kumbali ya geji 20, ndipo chondikokera kumeneko ndi luso limene mfuti imeneyi imafuna kwa woigwira.

Nambala ya geji ikamakwera, mpope wa mfuti umachepa. Akale ankaumba mipira ya mtovu yolowa ndendende mu mpopewo n'kuwerenga kuti ndi ingati imene ikukwana paundi imodzi. Ikakwana 12, imeneyo ndi geji 12, ya mpope wa mamilimita pafupifupi 18.5 m'mimba mwake. Ikakwana 20, mpopewo ndi wa mamilimita pafupifupi 15.6. Madera ambiri a Ohio, Iowa ndi Illinois ndi athyathyathya ndipo nyumba za alimi zili paliponse, pomwe chipolopolo cha raifulo chikaphonya chimatha kuuluka makilomita angapo. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri malamulo ankauza alenje kuti agwiritse ntchito chifefe, ngakhale Ohio idayamba kulola mitundu ina ya raifulo mu 2014, Iowa mu 2017. Ku Illinois lamulo limalola chifefe kuyambira geji 10 kulekezera geji 20, kutanthauza kuti geji 20 ndiyo yaing'ono kwambiri imene boma lidaona kuti ingaphe mbawala mosaizunza.

Chifefe chidapangidwa kuti chizimwaza tizipolopolo tambirimbiri posaka mbalame. Kuti chiponye chipolopolo chimodzi cholemera molunjika, padafunika amisiri. Mu 1898 Wilhelm Brenneke wa ku Germany adamangirira chotsekera kumbuyo kwa chipolopolo cha mtovu kuti chizikhala ngati mchira wochiwongolera. Mu 1931 Karl Foster wa ku America adapanga china chamutu wolemera koma chogoba kumbuyo, moti chikamauluka mutuwo ndiwo umatsogola ndipo sichigubuduzika m'mlengalenga. Patapita zaka kudabwera mipope yokhala ndi mizere yopota mkati, pamodzi ndi zipolopolo zoonda zovekedwa chikuto cha pulasitiki chimene chimagwira mizereyo, n'kuzungulitsa chipolopolo, kenako n'kugwa chokha chikangotuluka. Mfuti monga Savage 220 zidapangidwira ntchito imeneyi basi. Ndi mpope wosalala, mlenje wanzeru sapitirira mamita 70 kapena cha pamenepo. Ndi mpope wamizere, wozolowera amafika mamita 130 osakayika.

Chipolopolo cha Foster cha geji 12 nthawi zambiri chimalemera magalamu 28, cha geji 20 pafupifupi 18. Amene amakonda geji 12 amaloza kusiyana kumeneku, ndipo sanama. Koma kulemera kumeneko kumabwerera paphewa la wowombera. Munthu amene mfuti idamumenyapo kangapo thupi lake limaphunzira mantha: chala chisanakoke, maso atsinzina kale, phewa lagwedera, mpope wasuntha. Mbawala ili pa mamita 80, kusuntha kwakung'ono kotereku kumasandutsa chipolopolo cha pamtima kukhala cha m'matumbo. Geji 20 imakankha pang'ono, choncho mwiniwake amaiyeseza kawirikawiri osatopa nayo, ndipo amawomba maso ali chipenyere.

Luso lake limayamba nyengo isanafike. Mlenje amakhala pabenchi, mfuti ataitsamiritsa pathumba la mchenga, n'kuyesa mapaketi a makampani osiyanasiyana, pakuti mpope uliwonse uli ndi chipolopolo chimene umagwirizana nacho. Amawomba katatu, n'kudikira mpope uzizire, n'kukaona ngati mabowo ali pamodzi. Amawombanso pa mamita 50, pa 100, kenako pa 125, mpaka atadziwa pamtima kuti chipolopolo chake chimatsika bwanji chikamapita patali. Ngakhale m'thumba mwake mumakhala dongosolo. Zipolopolo za geji 20 amazipanga zachikasu dala, chifukwa chimodzi chikalowa molakwika mu geji 12 chimatsetsereka n'kukakamira mkati, ndipo wina akaikanso cha geji 12 pambuyo pake mpope umaphulika. Mlenje wosamala sasakaniza mitundu iwiriyi m'chovala chimodzi.

Tsiku losaka amakwera pampando womangirira mumtengo kusanache, atavala chovala chalalanje chimene lamulo limafuna kuti alenje anzake amuone. Malowo sadawasankhe mwachisawawa. Adaona kale njira imene mbawala zimadutsa pochoka kogona kupita kumunda, adaona mitengo imene zamphongo zakhulapo nyanga, ndipo wakhala moti mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kwa iye, pakuti mphuno ya mbawala sinyengeka. Wayezeratu mtunda wofika pachitsa icho, pamtengo uwo ndi pangodya ya mpanda, ndipo wadziikira malire amene sadzawadumpha ngakhale itatulukira yanyanga zokongola motani.

Mbawala ikafika, sathamangira kukoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amaidikira itembenuke chammbali, mwendo wakutsogolo utaponda patsogolo, kuti nthiti zionekere bwino. Malo amene akufuna, pomwe pali mtima ndi mapapu, ndi aakulu ngati mbale ya nsima, kuseri kwa phewa, m'munsi pang'ono mwa pakati pa thupi. Chipolopolo cha geji 20 chikalowa pamenepo chimaboola mapapu onse awiri, ndipo mbawala siipita patali. Ikaima moyang'ana kumbali yolakwika, kapena nthambi ikatchinga, amaisiya ipite. Apa ndi pamene ndimamugomera kwambiri, chifukwa munthu amene wazizidwa kuyambira m'bandakucha n'kulola nyama idutse ndiye kuti amailemekeza kuposa njala yake ya ndiwo.

Akawomba, ntchito sinathe. Amayang'anitsitsa mmene nyama yadumphira ndi pamene yalowera, n'kukhala chete pafupifupi theka la ola. Akatsika amawerenga magazi. Ofiira mowala, athovu, ndi a m'mapapu: angathe kulondola. Ofiira moderako ndi a chiwindi: ayenera kudikira maola angapo, chifukwa akaithamangira idzadzuka pamene yagona n'kukafera kutali kosapezeka. Amayenda chammbali mwa madontho kuti asawaponde, akuika chizindikiro pa dontho lomaliza, akuyang'ananso pamasamba a m'mbali, msinkhu wa nthiti za nyamayo.

Geji 20 ili ndi malire ake, ndipo amene amaikonda sawabisa. Patali mphamvu yake imachepa msanga, mphepo yamphamvu imachipatutsa chipolopolo, ndipo ikamenya fupa lolimba la phewa mopingasa siikhululuka ngati mnzake wamkulu. Koma ngakhale geji 12 siingapulumutse munthu wowomba m'matumbo. Mbawala imagwa chifukwa chipolopolo chafika pamapapu, ndipo chimafika pamenepo chifukwa mlenje adayeseza, adayeza mtunda, adawerenga mphepo, adadikira. Kwa munthu amene wachita zonsezi, geji 20 ndi yokwanira ndithu. Amene sanazichite, mfuti yaikulu ingomuwonjezera phokoso ndi ululu wa paphewa, nyama n'kukafera m'tchire popanda woidya.