Mizukwa ya ku Otranto inali kumbali ya yani?

Acinyamata anzanga, ambiri a inu mumakonda nkhani za mizukwa, za nyumba zakale zimene zitseko zake zimatseguka zokha usiku, ndi za mtsikana wothawa mumdima. Nkhani zotere zili ndi kholo lake. Kholo limeneli ndi buku la Cingelezi lochedwa The Castle of Otranto, limene linatuluka ku London mu 1764. Mlembi wake ndi Horace Walpole, mwana wa Robert Walpole amene amawerengedwa kuti ndiye nduna yaikulu yoyamba ya Britain. Poyamba Walpole anabisa dzina lake, nanena kuti bukulo ndi lakale la ku Italy limene munthu wina anamasulira. Ataona kuti anthu alikonda, anaulula mu 1765 kuti ndi lake, nalicha nkhani ya Gothic, dzina limene nkhani zoopsa za m'malinga akale zimadziwika nalo kufikira lero.

Nkhani yake ndi iyi. Manfred ndi mfumu ya Otranto, kumwera kwa Italy. Ali ndi mkazi wake Hippolita ndi ana awiri: Matilda wa zaka 18, amene samuwerengera konse, ndi Conrad wa zaka 15, mnyamata wodwaladwala amene amukonda cifukwa ndiye wodzalowa ufumu. Pa tsiku la ukwati wa Conrad, cisoti cacitsulo cacikulu modabwitsa cigwa pabwalo ndi kumuphwanya. Madzulo omwewo, maliro ali m'nyumba, Manfred aitana Isabella, namwali amene anayenera kukhala mpongozi wake, namuuza kuti adzasudzula Hippolita ndi kukwatira iyeyo kuti amubalire mwana wamwamuna. Isabella athawira ku chalichi ca Nikolasi Woyera kudzera m'njira ya pansi pa nthaka, mothandizidwa ndi mnyamata wooneka ngati wakumudzi, Theodore.

Mudzafunsa kuti, kodi n'ciyani cimene capenga bambo ameneyu? Yankho limaululika kumapeto. Agogo ake a Manfred, a Ricardo, anali wanchito wa mfumu yeniyeni, Alfonso. Anaipha ndi ciphe, nalemba kalata yabodza yowasiyira ufumu. Manfred anabadwira pa mpando wakuba, ndipo adziwa kuti banja lake lidzakhalapo pokhapokha ngati pali mwana wamwamuna.

Apa Walpole anaona bwino, ndipo tiyenera kumuyamikira. Ulamuliro wolanda sulola mwini wake kugona. Manfred amakalipa, amaopseza, amatsekera anthu osalakwa, koma mukayang'anitsitsa muona kuti munthu wamantha woposa onse m'lingamo ndi iye mwini. Chimo la agogo limafuna chimo lina kuti libisike, ndipo linalo limafunanso lina. Amene munawerenga za Ahabu ndi munda wa Naboti pa 1 Mafumu 21 mudzauzindikira mtundu wa munthu ameneyu.

Cina cimene mlembi anakonza mwanzeru ndi ici. Manfred ananyoza mwana wake wamkazi moyo wake wonse, koma ufumu weniweni unabwera kudzera mwa mwana wamkazi. Alfonso anali atakwatira mobisa ku Sicily, nabala mtsikana, ndipo mtsikana ameneyo ndiye mai wake wa Theodore. Kwa Acewa ndi Ansenga, kumene ufumu umatsata kucikazi, izi sizodabwitsa. Kwa Manfred, amene anaika moyo wake wonse pa mwana wamwamuna, linali khofi la kumaso.

Tsopano tiyeni ku cimene candivuta. Taonani nthawi imene zozizwitsa zimaonekera m'bukuli. Pamene Manfred agwira dzanja la Isabella, nthenga za pa cisoti zigwedezeka, ndipo cithunzi ca agogo ake ciusa moyo ndi kutsika pakhoma. Pamene akamba za ukwati wake watsopano, cifaniziro cosema ca Alfonso cidontha madontho atatu a magazi pamphuno. Mizukwa ili maso nthawi zonse pamene Manfred afuna kubala wolowa ufumu. Koma usiku umene alowa m'chalichi ndi mpeni, nabaya Matilda pa manda a Alfonso poyesa kuti ndi Isabella, kumwamba kuli zii. Palibe cithunzi cimene citsika, palibe dzanja limene ligwira mpeniwo. Matilda atafa, ndipo pamene makoma agwa, cithunzithunzi cacikulu ca Alfonso cionekera ndi kulengeza kuti Theodore ndiye mwini mpando. Mizukwa ya ku Otranto ndi alonda a mpando wacifumu. Moyo wa mtsikana suli m'nchito yao.

Akazi atatu a m'bukuli ali ngati katundu wa pa msika. Frederic, bambo wake wa Isabella, avomera kupereka mwana wake kwa Manfred kuti iye atenge Matilda. Hippolita amvera mwamuna wake kufikira kukhala wokonzeka kuvomereza cisudzulo, ndipo bukulo limuonetsa ngati mai woyera mtima. Ine ndikukana. Kumvera kumene kumasiya ana m'kamwa mwa fisi sikungachedwe ciyero. Matilda afa akukhululukira atate ake, ndipo zimenezi zimakhudza mtima, koma cikhululuko cake cisatiiwalitse kuti mtsikanayu analibe mlandu. Isabella yekha ndiye anakana ndi kuthawa, ndipo ndiye anapulumuka. Ngakhale iyeyo, Theodore amukwatira cifukwa ndi iye yekha amene angalire naye Matilda.

Walpole mwini anaona vuto limeneli. M'mau oyamba a bukuli, akudzionetsa ngati womasulira, anadandaula kuti phunziro lakuti ana alangidwe cifukwa ca macimo a makolo silithandiza kwenikweni. Ganizo limenelo licokera pa Eksodo 20:5. Koma inu amene mumawerenga Baibulo lonse mudziwanso Ezekieli 18, pamene Mulungu akana kuti mwana aphedwe pa mlandu wa atate ake. Ndiponso m'nkhaniyi Nikolasi Woyera alandira lonjezo la Ricardo la chalichi cimodzi ndi nyumba ziwiri za odzipereka, namulola kulamulira iye ndi ana ake kwa nthawi. Kodi Mulungu amene timapembedza angagulidwe ndi njerwa za wakupha?

Patapita zaka 30, mai wina wa ku England, Ann Radcliffe, anaikonza nkhani yotere mwa njira yake. M'buku lake la 1794, The Mysteries of Udolpho, timaona zonse ndi maso a mtsikana, Emily. Zoopsa za usiku zimapezeka kuti zinali ndi cifukwa cake ca padziko pompano, ndipo woopsa weniweni ndi Montoni, mwamuna wamoyo amene amukakamiza kusaina kuti amupatse cuma ca masiye. Radcliffe anadziwa kuti mtsikana amaopa kwambiri munthu wosunga makiyi kuposa cipuku.

Kodi muwerenge The Castle of Otranto? Inde. Ndi lalifupi, lili ndi mitu 5 cabe, ngakhale Cingelezi cake ndi cakale ndipo zozizwitsa zina zidzakusekesani. Koma muwerenge muli maso. Mukakumana pa gulu lanu, kambiranani izi: pamene Isabella anathawa, anathamangira ku chalichi cifukwa anakhulupirira kuti mfumu singamukoke kucoka paguwa. Ngati mtsikana wa mumpingo wanu akakamizidwa ndi munthu wamphamvu, kapena ndi acibale ake omwe, kodi angathamangire kwa inu? Ndipo akafika, mudzamutsegulira?