Mlendo Wachitatu mu Mphika

Wotcheza kachasu aliyense amadziwa kuti mutu, madontho oyamba aja, ndiwo waukali. Ethanol, mowa weniweni wa m'kachasumo, amawira pa madigiri 78.4 pomwe madzi amadikira mpaka 100, choncho nthunzi yoyamba imatuluka itasenza mowa wambiri. Mukatcheza kachiwiri ukali umakwera, kachitatu umakweranso. Koma ethanol akafika magawo 95.6 pa 100 alionse, madzi otsalawo amamukangamira. Awiriwa amawira limodzi pa madigiri 78.2, ndipo nthunzi yotuluka imafanana ndendende ndi zotsala mu mphika. Ngakhale musonkhezere moto mpaka tambala kulira, palibe chingasinthe. Akatswiri amautcha msanganizo wotere azeotrope, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza chinthu chosasintha powira.

Ndimagoma ndi nzeru za Sydney Young, katswiri wa ku Bristol, yemwe mu 1902 anazindikira kuti vuto silinali kuchepa kwa moto. Iye analowetsa mlendo mu mphikamo: benzene. Atatuwa akakumana amapanga azeotrope yatsopano yowira pa madigiri 64.9 okha. Imeneyi ndiyo imayamba kuuluka, ndipo pouluka imatenga madzi aja, ethanol wopanda madzi n'kutsala pansi. Chomwe chinatseka njira, Young anachisandutsa khomo.

M'mafakitale ntchitoyi imachitikira m'nsanja zazitali zachitsulo, usana ndi usiku, ndipo pokoma penipeni ndi pamene nthunzi yazizira. Madzimadziwo akalowa m'thanki yodikhira amagawika okha pawiri, monga amachitira mafuta ndi madzi m'botolo. Gawo lapamwamba, lodzaza benzene, limabwerera m'nsanja kukanyamulanso madzi ena. Lapansi, lomwe muli madzi ambiri, amalitcheza palokha kuti ethanol ndi benzene zotsalamo zisapite padzala. Mlendo uja amangozungulira, ulendo ndi ulendo, osatha.

Apa m'pamene mmisiri woyendetsa nsanja amadziwikira. Benzene akachepa, madzi amatsikira kwa ethanol n'kumuwononga. Akachuluka, ndiye benzeneyo amene amatsikira komweko. Mmisiriyo saona mkati mwa chitsulo. Amawerenga kutentha kwa nsanja pansi, pakati ndi pamwamba, amayang'ana pomwe pali mzere wolekanitsa magawo awiri m'thanki muja, kenako n'kutsegula kapena kutseka mpopi pang'ono chabe. Akatero amadekha, pakuti nsanja siyankha msanga.

Zitadziwika kuti benzene amayambitsa khansa ya m'magazi, ambiri anatembenukira kwa cyclohexane, yemwe amagwira ntchito yomweyo. Lero mafakitale ambiri amadutsitsa nthunzi m'timiyala ta zeolite, tokhala ndi timabowo tolola madzi kulowa koma tokaniza ethanol.

Khama lonseli, lolimbana ndi magawo 4.4 okha a madzi, lili ndi chifukwa. Ethanol wamadzi akathiridwa mu petulo, msanganizowo umatha kugawika m'thanki, injini n'kuyamba kutsokomola. Kuno kwathu, fakitale ya EthCo ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol wosakaniza ndi petulo kuyambira 1982, kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Dalaivala wa minibasi akamwetsa mafuta m'mawa n'kuliza galimoto kamodzi kokha, sadziwa kuti kwinakwake mmisiri anachezera usiku kuthamangitsa madontho omaliza a madzi m'mafutawo.