Dzina la MacDonald ndi Timabuku ta Mbiri ya Mabanja: Kuwunika Mwachidule

Cholinga cha pepala lino ndi kuwunika timabuku tofotokoza mbiri ya maina a mabanja timene timagulitsidwa kwa alendo ku Scotland. Chitsanzo chathu ndi MacDonald, limodzi mwa maina ofala kwambiri m'dzikolo. Ganizo lathu ndi lakuti timabukuti timatenga dzina ngati umboni wa magazi, chonsecho dzina ndi mawu a chiyankhulo, ndipo limasintha malinga ndi amene ali ndi mphamvu yolamula ndi yolemba.

Poyamba tivomereze zimene timabukuti timalondola. M'chiyankhulo cha Gaelic dzinali ndi MacDhòmhnaill, kuchokera ku mac, kutanthauza mwana wamwamuna, ndi dzina lakuti Dòmhnall. Dòmhnall ameneyu anali mdzukulu wa Somerled, mfumu imene inaphedwa pa nkhondo pafupi ndi Renfrew mu 1164. Zidzukulu zake zinalamulira zilumba za kuzambwe kwa Scotland kufikira 1493, pamene Mfumu James IV inalanda ulamulirowo.

Cholakwika choyamba ndi kuganiza kuti aliyense wa dzinali anachokera m'chiuno mwa Dòmhnall. Kaŵirikaŵiri anthu okhala pa nthaka ya mfumu ya fuko ankatenga dzina la mfumuyo pofuna chitetezo. Lamulo nalonso linkasintha maina: dzina la MacGregor linaletsedwa mu 1603, ndipo chiletsocho chinachotsedwa komaliza mu 1774. Pa nthaŵiyo eni dzinalo ankabisala m'maina a mafuko ena, monga Campbell. Ngakhale nsalu zamandalasi zimene timabukuti timati ndi chizindikiro chakale cha fuko lililonse zinagaŵidwa motero m'zaka za m'ma 1800, makamaka kudzera m'buku la Vestiarium Scoticum la mu 1842, limene akatswiri anapeza kuti linali lopeka.

Cholakwika chachiŵiri, chimene chikutikhudza ife ophunzira ziyankhulo, ndi kusalabadira malamulo a Gaelic. M'chiyankhulochi mwana wamkazi satchedwa MacDhòmhnaill, koma NicDhòmhnaill. Woŵerenga Chicheŵa sangadabwe nazo, pakuti ifenso timati Banda ndi Nabanda, Phiri ndi Naphiri. Dzinali litaloŵa m'Chingerezi, mphatikiram'mbuyo mac anauma, nasiya kutanthauza kanthu, kotero kuti mkazi nayenso akulembedwa ngati mwana wamwamuna. Izi sizinangochitika zokha. Malamulo a ku Iona a mu 1609 anakakamiza akuluakulu a mafuko kutumiza ana awo oyamba kukaphunzira Chingerezi kumwera. Kalembera wa boma wa obadwa, okwatira ndi omwalira anayamba mu 1855, ndipo ankalembedwa m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la mu 1872 silinatchule Gaelic n'komwe. Kusiyana kwa MacDonald, McDonald ndi Macdonald, kumene ena amakuyesa kusiyana kwa mabanja, nthaŵi zambiri ndi dzanja la alembi chabe.

Buku la George F. Black, The Surnames of Scotland, la mu 1946, limaposa timabukuti chifukwa limasonyeza chaka ndi chikalata chimene dzina linapezekamo. Komabe zambiri mwa zikalatazo zinalembedwa m'Chilatini, m'Scots kapena m'Chingerezi. Zimatiuza mmene mlembi anamvera dzinalo, osati mmene mwini wake ankalitchulira.

Kuno ku Malaŵi dzinali linayendanso ulendo wina. Duff Macdonald anatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881, ndipo lero MacDonald ndi dzina loyamba la amuna ambiri amene alibe ubale uliwonse ndi Somerled. Apa mpamene zikuwonekeratu kuti dzina limayenda ndi sukulu, mpingo ndi kaundula koposa ndi magazi.

Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo phunziro lake ndi ili. Gaelic chinazindikiridwa ndi lamulo la Scotland mu 2005, patapita zaka 150 maina a eni ake akulembedwa m'Chingerezi. Chikalata cha boma chofuna dzina limodzi la banja, lofanana kwa mwamuna ndi mkazi, chikhoza kuchita kwa Na- zimene zinachitika kwa Nic. Ndi bwino nkhani ya kalembedwe ka maina m'kaundula ikambidwe pamodzi ndi malamulo a kalembedwe ka chiyankhulo, Nabanda akali kuyitanidwa ndi dzina lake.