Timbale ta ku Granada ndi mlendo wosadya nkhumba

Olemba za maulendo amatamanda kwambiri kadyedwe ka ku Spain kotchedwa tapas. Amati ndi chakudya cha ubale: abwenzi azungulira tebulo, woperekera abweretsa timbale ting'onoting'ono, aliyense atapa apa pang'ono, apo pang'ono, nkhani n'kumayenda mpaka pakati pa usiku. Ife amene tinakulira pa mbale imodzi sitikana kukoma kwa zimenezi. Chimene tikutsutsa ndi mawu oti tebulo limeneli limalandira aliyense mofanana.

Liwu loti tapa limatanthauza chivindikiro, ndipo eni dziko amasimba kuti kale ankavindikira tambula ya vinyo ndi kachidutswa ka buledi kapena ka nyama. Mpaka lero mwini tebulo ndi chakumwa, ndipo kambale kamangochiperekeza. Ku Granada munthu akaitanitsa chakumwa, kambale kamabwera kaulere, koma m'malo ambiri amasankha ndi wophika. Msilamu amene waitanitsa madzi a malalanje angadzidzimuke atamuikira jamón, nyama ya mwendo wa nkhumba yothira mchere n'kuumitsa, yomwe miyendo yake imalendewera padenga pamwamba pa odya. Nyama yooneka chotere n'njosavuta kuikana. Yovuta ndi yobisika: yodulidwa tizidutswa m'kati mwa croquetas, yowazidwa pamwamba pa salmorejo wa ku Córdoba, yophikidwa pamodzi ndi nyemba, kuphatikizapo vinyo wa ku Jerez wothiridwa mu msuzi. Ndipo pamene mafoloko asanu akulowa m'mbale zonse mosasankha, mbale ya halaal sikhalitsa ili ya halaal.

Otamanda aja sakonda kukumbutsa kuti m'dziko limeneli kukana nkhumba kunali mlandu. Asilamu anafika ku Spain m'chaka cha 711, ndipo ufumu wawo womaliza, wa Granada, unagwa mu 1492. Otsalawo anakakamizidwa kubatizidwa, ndipo bwalo la milandu la Inquisition linkatenga kusadya nkhumba ndi kusamwa vinyo ngati umboni woti munthu akusunga Chisilamu mobisa. Kuyambira mu 1609, Mfumu Philip III inawapirikitsa. Wophika wa lero alibe chifukwa ndi ife, tisamunamizire. Iye akungophika zimene agogo ake ankaphika. Koma wolemba amene akutcha tebuloli la aliyense anayenera kuidziwa mbiriyi.

Chodabwitsa n'chakuti Chiarabu chikadali m'maina a zakudyazo. Arroz, mpunga, ndi ar-ruzz. Azúcar, shuga, ndi as-sukkar. Aceituna ndi az-zaytuna, chipatso chomwe ife timachitcha azitona. Ngakhale albóndigas, timipira ta nyama yogaya, dzina lake n'lochokera ku Chiarabu, chonsecho lero nthawi zambiri mumakhala nkhumba.

Pa zimene tingadye ndi mtima umodzi, zabwino zilipo ndithu: boquerones, tinsomba ta m'nyanja yamchere tofanana ndi usipa, tokazinga kapena toviika mu viniga, tortilla ya mazira ndi mbatatesi, mabiringanya okazinga othira uchi wa nzimbe. Komabe chilichonse mwa zimenezi chimafuna funso kwa woperekera, ngakhale la mafuta okazingira, ndipo wofunsa amakhala mmodzi yemweyo, anzake akudikira ndi mafoloko m'manja.