Mbiri za Akufa Osadziwika

M'nyuzi zazikuru za ku London ndi ku New York muli tsamba limene alembapo mbiri za anthu amene angomwalira kumene. Tsamba limeneli liri ndi owerenga ambiri, ndipo ena akalandira nyuzi ayamba kutsegula pomwepo, asanaone za nkhondo kapena za malonda. Kapena wina wa inu, abale, adzadabwa nati, Kodi munthu wa mtima wabwino angakondwere ndi nkhani ya maliro? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo tiyesa kuliyankha. Mbiri yotere ikalembedwa bwino, imfa ingotenga mzere umodzi kapena iwiri, ndipo mizere yonse yotsala inena za moyo. Cimene citikondweretsa ndico kudziwana ndi munthu amene tikadamdutsa pa njira osampatsa moni.

Mbiri za mafumu ndi nduna sizikoma cotero kawirikawiri. Nchito zao tidazimva kale, ndipo wolemba ayenda monyang'ama ngati mlendo wodutsa pa bwalo la mfumu, kuopa kukhumudwitsa otsala. Koma mbiri ya munthu wosadziwika iri ngati mphika wobvundikira. Sitidziwa cimene aphikamo kufikira titabvundukula. Mu 1986 Hugh Massingberd anayamba kuyang'anira tsamba la akufa m'nyuzi ya Daily Telegraph, nalisanduliza. Iye analandira anthu amene nyuzi zinkawanyozera kale, nalola kuti zizolowezi zao zoseketsa ndi zofooka zao zomwe zilembedwe pamodzi ndi zabwino. Mbirizo zinakondedwa kotero kuti pambuyo pace anazisonkhanitsa m'mabuku.

Nyuzi ya New York Times yasindikiza mbiri za akufa kuyambira mu 1851. Kuyambira mu 1851 kufikira lero ndi zaka zambiri, koma mu March 2018 ndi pamene akonzi ace anabvomera poyera kuti unyinji wa olembedwa anali azungu amuna, nayamba kulemba za iwo amene adawalumpha, makamaka akazi. Mwa oyamba munali Emily Warren Roebling, amene adamwalira mu 1903. Mwamuna wace ndiye anali mmisiri wamkuru womanga mlatho wa Brooklyn, koma anadwala matenda ogwira anthu okumba pansi pa madzi, nabindikira m'nyumba. Zaka zoposa khumi mkaziyo ananyamula mau a mwamuna wace kunka nao kwa amisiri, naphunzira masamu a nchitoyo, nayankha mafunso a akuru a mzinda, kufikira mlatho unatha mu 1883. Poyamba kuoloka pa gareta, anatenga tambala m'manja, cizindikiro cakuti apambana. Ife tiweruza kuti tambala ameneyu ndiye mcere wa mbiri yonseyo. Zaka tidzaziiwala sabata isanathe, koma mai wokwera gareta ndi tambala wace tidzamsimba ndi kwa ana omwe.

Ndi kuno kwathu anthu otere analipo. William Koyi anali Mxhosa wa ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, mmodzi wa anai amene anadzipereka mu 1876 kudza kuno ku Nyanja kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. Maphunziro ace anali ocepa, ndipo iye mwini anati, ngati sangathe zina, adzatema nkhuni ndi kutunga madzi. Koma cinenero cace cinali pa cibale ndi ca Angoni. Cotero pamene azungu analephera kumvana ndi anthu a M'mbelwa, iye anakhala nao pa bwalo, nalankhula nao m'mau a makolo ao, nawatsegulira aphunzitsi njira. Anamwalira ku Njuyu mu 1886. Wolemba waulesi akadangoti, Anali mtumiki wokhulupirika, nalekeza pomwepo. Mau amenewo ndi oona, koma akwana anthu zikwi, ngati malaya a m'sitolo. Nkhuni ndi madzi ziyenera Koyi yekha, ndipo ndizo zitionetsa mtima wace.

Tsono tiyeni tiyese ndi muyeso womwewu mbiri zimene tiwerenga pa maliro m'midzi mwathu. Mwini mbumba kapena mlembi wa mpingo aimirira ndi pepala, nanena caka cobadwa, caka cobatizidwa, caka ca ukwati, tsiku loyamba kudwala, ndi ciwerengero ca ana ndi zidzukulu. Potsiriza ati malemuwa anali munthu wabwino, wosayambana ndi anzace. Dzina likadasinthidwa, pepala lomwelo likadawerengedwa mawa pa maliro ena, osadziwa ndi mmodzi yemwe. Pamenepo munthu timuika kawiri, poyamba m'mau opanda nkhope, pambuyo pace m'dothi. Cikhalireco m'siwa usiku amai anali kusimba momwe gogoyo anacezera ndi akazi apakati mudzi wonse zaka makumi atatu. Ndipo ku moto amuna anali kuseka pokumbukira kuti mkuluyo ankakonza mjigo ukaonongeka, osalandira kanthu, koma akudandaula nchito yonse. Mbiri yeniyeni idanenedwa usiku, ndipo siinafike pa pepala.

Sitinena kuti maliro asanduke bwalo la miseche. Pali zofooka zimene zikachulidwa zionjeza cikondi, monga kudandaula kwa wokonza mjigo uja. Ndipo pali zina zimene zingolasa wamasiye ndi ana. Wolemba wanzeru asiyanitsa ziwirizi pokumbukira mwambi uja wakuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Alembe za mnzace monga akadafuna kuti adzalembe za iye, zoona ndi zacifundo pamodzi. Ndi owerenga omwe acenjere, pakuti mbiri imene ingotiseketsa, osatipatsa ulemu kwa womwalirayo, yalakwa njira.

Cifukwa cace tipempha alembi a mipingo, aphunzitsi ndi onse odziwa colembera, kuti akapatsidwa nchito imeneyi asathamangire zaka zokha. Afunse amene anagona pa maliro kuti, Kodi malemuwa anacita ciani cimene wina sanacite? Nanga ankakonda kunena mau otani? Nanga manja ao anadziwa nchito yanji? Cimodzi cokha cokwana, cikhale coona. Ndipo pepalalo lisatayike pamodzi ndi nkhata zofota. Lilembedwe m'buku la mpingo, kuti mdzukulu amene sanaone nkhope ya gogo wace adzatsegule, nadziwe kuti anacokera kwa woumba mbiya, kapena wosula makasu, kapena mzamba amene analandira theka la mudzi m'manja mwace.