MNENI WA -LOTA NDI MAINA AKE: KUUNIKA CHICHEŴA CHOLEMBEDWA POYANG'ANA ZA M'MBALI MWA NYANJA KU NKHATA BAY

1.0 Mau Oyamba

Pali maloto ena amene amazimirira munthu asanasambe n'kumaso komwe, ndipo pali ena amene amatsalira m'mutu tsiku lonse, mwinanso zaka. Akatswiri a za tulo adayamba kulimvetsa bwino vutoli m'chaka cha 1953, pamene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku Chicago adaonetsa kuti pa tulo pali nthaŵi zina pamene maso amayendayenda mofulumira, ndi kuti munthu akadzutsidwa pa nthaŵi yotereyo kaŵirikaŵiri amakumbukira zimene amalota. Imeneyo ndi mbali ya madokotala. Ife a zaziyankhulo funso lathu n'lakuti munthu amene maloto amukakamira chotero amaŵafotokoza ndi mau otani, ndipo kodi Chicheŵa cholembedwa chimasunga zonse zimene iye akutanthauza?

M'kapepala kano tikunena kuti sichisunga. Kalembedwe kovomerezeka kadakwirira kusiyana kwa nthaŵi za mneni kumene kumauza womvera ngati maloto adakali ndi mphamvu kapena adatha, ndipo Chicheŵa cha m'maofesi chikupatsa mau oti maloto ndi masomphenya tanthauzo lachilendo. Tatenga dera la Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya ngati poyesera, chifukwa kumeneko Chicheŵa chimafika kwa anthu ambiri kudzera m'mabuku, m'sukulu ndi pa wailesi, pamene pakhomo amayankhula Chitonga, ndipo cha kumpoto kwa bomali Chitumbukanso chimamveka.

2.0 Tsinde ndi Abale Ake

Tsinde la -lota n'lakale kwambiri m'ziyankhulo za Chibantu. Akatswiri adalilondola mpaka ku tsinde la makolo *-dóot-, ndipo timalipeza mu -rota wa Chishona, -lota wa Chibemba ndi -ota wa Chiswahili, kumene dzina lake ndi ndoto. Chitonga cha ku Nkhata Bay, chimene Malcolm Guthrie adachipatsa nambala N.15 (Chitumbuka N.21, Chicheŵa N.31), chili ndi kulota ndi malotu, ndipo tulo amati tulu. Kufanana kumeneku ndiko kumanyenga womasulira, pakuti akamva mau ofanana ndi ake amaganiza kuti ntchito yatha.

Dzina loti loto lili m'gulu la Li-Ma, koma m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku silimveka kaŵirikaŵiri palokha. Munthu amati "maloto anga a usiku wathaŵu andisautsa" ngakhale kuti adaona chinthu chimodzi chokha. Apa maloto akuyenda ngati madzi, mafuta kapena maliro, maina amene ma- wao sasonyeza kuchuluka koŵerengeka. Loto lidalimba m'Chicheŵa cholembedwa makamaka chifukwa cha Buku Lopatulika la 1922, limene m'nkhani ya Yosefe limaika mneni pamodzi ndi dzina lochokera ku mneni yemweyo potsata kachitidwe ka Chihebri. Sitikunena kuti omasulirawo adalakwa. Koma mphunzitsi amene amachonga mwana wa ku Kande kuti walakwa polemba maloto m'malo mwa loto, akuŵeruza mwanayo ndi lamulo la buku limodzi, osati la chiyankhulo.

3.0 Nthaŵi za Mneni

Pano ndiye pagona nkhani. Taonani ziganizo izi:

(1) Ndalota agogo akundiitana kutsidya kwa mtsinje.
(2) Ndidalota agogo akundiitana kutsidya kwa mtsinje.
(3) Ndidaalota agogo akundiitana kutsidya kwa mtsinje.

Chiganizo (1) n'cha m'maŵa. Wonenayo wangodzuka, ndipo malotowo adakali pa iye monga mmene matope amakhalira kumapazi kwa munthu amene wati "ndaponda m'dambo". Chiganizo (2) chikunena za kale, koma nkhaniyo sidathe: mwina nsembe sidathiridwe, mwina zimene adalotazo zidachitikadi ndipo zotsatira zake zilipo mpaka lero. Chiganizo (3) chikunenanso za kale, koma womvera amayembekeza kuti wonenayo apitiriza ndi "koma". Kapena akulu adakhala pansi n'kukonza, kapena panalibe chimene chidatsatira. Kusiyana kwa (2) ndi (3) kumaoneka msanga tikaika mneni wina. Woti "mfumu idamwalira" wanena za maliro, koma woti "mfumu idaamwalira" wadabwitsa anthu, chifukwa zikumveka ngati mfumuyo idauka.

Woyamba kufotokoza bwino zimenezi anali Mark Hanna Watkins, m'galamala wake wa Chicheŵa wa 1937, amene adaulemba pofunsa Hastings Kamuzu Banda pa nthaŵi imene iyeyo ankaphunzira ku Chicago. Watkins adagaŵa nthaŵi zakale za mneni poyang'ana zinthu ziŵiri: kutalika kwa nthaŵi imene yapita, ndiponso ngati chochitikacho chidakali ndi mphamvu pa tsopano kapena ai. Zina za m'bukulo zidakalamba, koma mfundo imeneyi idakhoza, ndipo Andrea Kiso adaiunikanso m'chaka cha 2012 poyerekeza Chicheŵa, Chitumbuka ndi Chisena.

Chodabwitsa n'chakuti mfundoyi sidazike mizu m'mabuku a sukulu. Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse mu 1968, Bungwe la Chicheŵa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe adatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Pa zaka zonsezo mkangano umene udadya nthaŵi ya aphunzitsi unali wakuti cholondola ndi -da- kapena -na-, ngati kuti aŵiriŵa ndi mapasa amene mmodzi ayenera kuthamangitsidwa. Pamene ankalimbana ndi zimenezo, kukwera ndi kutsika kwa liu sikudapatsidwe chizindikiro chilichonse. Chotsatira chake n'chakuti mau olembedwa oti ndinalota akubisa aneni atatu: liu likakwera pa na, ndi zakale zimene zidakalipo, likakwera pa lo, ndi za lero lomwe koma zimene zadutsa, na akatalika, ndi zakale zimene zidatha. Woyankhula wa ku Kasungu kapena ku Dedza amadzaza yekha zimene pepala lasiya, popeza adaziyamwira. Mwana wa ku Mpamba, amene chiyankhulo chake chimasonyeza nthaŵi yakale ndi mphatikiri wina, -ngu-, monga mu ndingulota, alibe poyamwira pamenepo. Iye amaphunzira mneni mmodzi pomwe pali atatu.

4.0 Kutulo ndi M'maloto

Mbali yachiŵiri ndi ya aphatikiri osonyeza malo. Anthu amati:

(4) Malemu amalume andiuza kutulo kuti ndisapite pa nyanja lero.
(5) Ndinaona m'maloto bwato litagadabuka.

Mphatikiri mu- amaika chinthu m'kati mwa china, choncho m'maloto ndi monga m'nthano kapena m'chithunzi: wolotayo akuonerera. Mphatikiri ku- amasonyeza malo otalikirapo amene munthu amapitako n'kubwerako, monga kumunda ndi kumanda. Woti "kutulo" akunena kuti kudali kukumana, ndipo mau amene adamva kumeneko ndi uthenga wochokera kwa munthu. Msodzi wa ku Usisya amene wasiya chilimira pamtunda chifukwa cha chiganizo (4), pa nyengo imene mwera umawomba mwadzidzidzi, iye mwini amaziona ngati womvera malangizo a mkulu wake. Womasulira amene asandutsa kutulo kukhala m'maloto, kapena onse aŵiri kukhala liu limodzi la Chingerezi, wasintha umboni wa munthuyo.

Misintho ya mneni ikuchitira umboni zomwezi. Tili ndi kulotera, monga mu "ndakulotera zabwino", ndiponso kulotetsa, pamene mwininkhani amakhala mzimu, mankhwala kapena malungo. Wolota ndiye wolandira. N'chifukwa chake kulamula munthu kuti "lota!" kumamveka kwachilendo, pomwe kumufunira kuti "ulote zabwino" kumamveka bwino. Onaninso mneni amene timagwiritsa ntchito pofuna tanthauzo la maloto: kumasulira, wochokera ku kumasula. Maloto okakamira ali ngati mtolo womanga, ndipo munthu amausenza mpaka atapeza wommasulira.

5.0 Chifukwa Chake Dera Ili

Chinyanja chidafika m'mabuku m'dera lino kale kwambiri. Mishoni ya Livingstonia idasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, ndipo Robert Laws adabwera ndi Chinyanja chimene adayambira kumwerako. Chipangano Chatsopano chimene adamasulira m'Chinyanja chidasindikizidwa mu 1886. Pambuyo pake A. G. MacAlpine adagwira ntchito yolemba ndi kumasulira m'Chitonga. Choncho Atonga akhala akuŵerenga za maloto a Yosefe, a Farao ndi a Danieli m'ziyankhulo ziŵiri kapena zitatu kwa zaka zoposa 100.

Ndi dera lomweli limene lidabala Eliot Kenan Kamwana, amene adabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909 asanapirikitsidwe ndi boma la atsamunda, ndiponso Yesaya Zerenji Mwasi, amene adachoka ku mishoni mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake. Kumene mipingo yotere idamera, funso lakuti uthenga wochokera kwa Mulungu umafika kwa yani ndipo m'njira yotani silinali la m'kalasi. Kuonjezera apo, gule wa vimbuza, amene kwao kwenikweni ndi kwa Atumbuka ndipo bungwe la UNESCO lidamlemekeza mu 2005, amadziŵika m'maboma a kumpoto kuno. Steven Friedson, m'buku lake la 1996, adafotokoza mmene asing'anga otchedwa nchimi amaitanidwira ku ntchito yao kutulo ndi mmene amaonetsedwera mankhwala komweko.

Tisaiŵalenso ulendo. J. van Velsen adaonetsa m'ma 1950 ndi 1960 kuti amuna ambiri a Chitonga ankakhala ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa zaka zambiri. M'mabanja olekanitsidwa chotero mau oti "ndakulota" amalemera. Mneni wa -lota amalandira mwachindunji munthu wolotedwayo popanda mperekezi, monga mmene timanenera "ndakuona", ndipo wolandira mauwo amadziŵa kuti akufunsidwa ngati ali moyo ndiponso ngati akukumbuka kwao.

Tsono taganizani za mai amene mwamuna wake adamira pa nyanja, ndipo wafika ku chipatala kudandaula kuti sagona. Akanena m'Chitonga, wina n'kumasulira m'Chicheŵa, wachitatu n'kulemba m'Chingerezi, kusiyana kwa maloto amene adatha ndi amene akubwera usiku uliwonse kungathe kutayika pa njira. Koma wothandizayo amafuna kudziŵa chimenecho kuposa china chilichonse.

6.0 Maloto a M'maofesi

Mbali yachitatu ndi tanthauzo latsopano. Masiku ano timamva ziganizo zotere:

(6) Maloto anga ndi odzakhala namwino.
(7) Achinyamata, lotani zazikulu ndipo mukwaniritse maloto anu.

Tanthauzo ili lachokera ku Chingerezi, kumene liu lao la maloto limasenzanso khumbo la m'tsogolo, monga mmene Martin Luther King adaligwiritsira ntchito ku Washington mu 1963. Chiyankhulo chilichonse chimabwereka, ndipo sitikuitanitsa apolisi a mau. Tikungoonetsa kuti chiganizo (7) chatembenuza galamala yense wa m'ndime 4.0: wolota wasanduka wochita, kulamula kwaloledwa, ndipo maloto amene kale ankapherezera okha tsopano munthu akuŵakwaniritsa ndi thukuta lake. Komanso m'Chicheŵa cha pakamwa, maloto onena za khumbo amakhala onyoza. Woti "ukulota iwe" akukuseka, ndipo maloto a chumba ndi zinthu zosatheka. Pa ntchito imeneyi tidali nao kale mau oti khumbo, cholinga ndi chiyembekezo.

Masomphenya nao adagwa m'mbuna yomweyo. M'buku la Yoweli ndi m'Machitidwe a Atumwi liuli laikidwa pambali pa maloto, kutanthauza zimene mneneri amaonetsedwa. Atumbuka amati mboniwoni. Boma litakhazikitsa ndondomeko ya Vision 2020 mu 1998, ndi ya Malawi 2063 mu 2021, zonse ziŵiri zidatchedwa masomphenya m'Chicheŵa. Kwa mlembi wa ku Lilongwe imeneyi ndi ndondomeko yokhala ndi zaka ndi ndalama zake. Kwa mkulu wa mpingo ku Chintheche masomphenya amalandiridwa ndi munthu mmodzi, ndipo ena onse amangodikira kuona ngati achitika. Wokonza mapulani amene akufuna kuti anthu agwire khasu wasankha liu louza anthu kuti adikire.

7.0 Zoyenera Kuchita

Poyamba, likulu loona za ziyankhulo la Centre for Language Studies, limene lidaloŵa m'malo mwa Bungwe la Chicheŵa mu 1996 ndipo lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, lingachite bwino kulimbikitsa kuti -daa- ndi -naa- azilembedwa ndi a aŵiri paliponse, ndi kuti mabuku a galamala ndi a aphunzitsi aziika chizindikiro pamene liu lakwera, makamaka opita kumadera kumene Chicheŵa si cha pakhomo.

Kachiŵiri, olemba mabuku otanthauzira mau alekanitse matanthauzo a maloto ndi masomphenya, ayambe ndi la makolo, asonyeze kuti linalo n'lobwereka, ndipo apatse kutulo, kulotera ndi kulotetsa malo aoao pamodzi ndi ziganizo zochitira chitsanzo.

Kachitatu, ophunzira a zaziyankhulo a ku Zomba ndi ku Mzuzu ajambule, ndi chilolezo cha eni ake, mmene anthu a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya amasimbira maloto ao m'Chitonga, kenaka mmene omwewo amaŵasimbira m'Chicheŵa. Nkhani za maloto zimakakamiza woyankhula kusankha nthaŵi ya mneni pa chiganizo chilichonse, ndipo n'zochepa nkhani zina zimene zingationetse msanga chotero pamene ziyankhulo ziŵirizi zikumana ndi pamene zisiyana. Zolembedwa zoterozo zidzathandizanso ophunzitsa anamwino ndi omasulira a m'mabwalo a milandu a m'bomalo.